Chuma Chogona cha Tisauke

Tisauke anali pakati pa munda, khasu m'manja, mwana kumsana, pamene mlongo wake Yotam anakwera pachulu ndi kabuku kake. Moni sanapereke. Anangokwinya dzanja la jekete n'kuyang'ana wotchi.

"Lima chabe, usaniyang'ane," anatero. "Nifuna nione utenga maminiti angati pa mzere umodzi."

Tisauke ndiye anali wamkulu, koma chipitire ku yunivesite Yotam ankamutchula kuti iwe, ngati akuitana mwana wotuma kumadzi. Chinali chaka cha 1959. Makolo awo anachoka kum'mawa kudzalima ku Bundabunda, ndipo atamwalira, Tisauke anasiya sukulu ali Sitandade 2 kuti mlongo wakeyo apitirize. Mnyamatayo analidi ndi mutu, zimenezo tisamunamizire. Anafika mpaka ku yunivesite ya ku Halale, kutsidya kwa Zambezi, komwe ankaphunzira zachuma. Patchuthi chimenechi anayenera kulemba chipepala chachikulu chonena za chuma cha alimi akumudzi, ndipo popanda pepalalo digiri sakanaiona.

"Wapeza chani m'kabuku kako?" anafunsa Tisauke akupukuta thukuta.

"Napeza zimene mabuku ananena kale. M'midzi ngati ino muli anthu otsala. Ukachotsapo theka la olima, zokolola sizichepa ngakhale dengu limodzi. Iwe uli mmodzi wa iwo. Ukachoka pano, palibe chichepa."

Tisauke anaseka, poti mawu ena ukapanda kuwaseka ungalire pamaso pa mwana. Koma anamulasa mumtima.

Yotam anatsika pachulu n'kutsitsa mawu. "Manje niuze za ng'ombe. Amalume Ezron akuti zonse za m'khola mwawo ni zawo. Nanga n'chifukwa chani Kaputeni na Mawanga zilira iwe ukamapita? Naona uzipatsa mchere."

Khasu linaima. Tisauke anayang'ana uku ndi uku.

Nkhani yake inali yotere. Mwamuna wake Abson anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo mkulu wake wa malemuyo, Matthias, anabwera kudzasesa nyumba. Anatenga njinga, pulawo, mabulangete, ngakhale chitseko anachizula. Koma Abson ankamudziwa bwino mbale wakeyo. Matenda atamukulira anakusa ng'ombe zake ziwiri zolimira kupita nazo kukhola la amalume Ezron, n'kulengeza kuti wazigulitsa. Kumeneko ndiye kuikiza: ng'ombe imagona m'khola la wina, ndipo mwini khola amaitchula kuti yake mpaka tsiku lomwe mwini wake weniweni adzaifune. Kufunsa kuti ng'ombe iyi ndi ya yani kunali ngati kusuzumira m'nkhokwe ya eni. Matthias ankanunkhiza ndithu, koma umboni analibe. Tisauke ankalima kamunda kake ndi khasu kuti azioneka wopanda kanthu, podikira kuti ana ake awiri akule adzalandire ng'ombe za bambo awo.

"Izo si za m'kabuku, Yotam," anatero.

"Pepala ili azawerenga azungu atatu chabe, ku Halale. Matthias aziwa Chizungu? Ukanibisa, nizalemba zabodza, nizalephera, ndipo wanigwetsa uzakhala ndiwe."

Apo ndiye anamugwira pofewa. Tisauke akanalola kugona ndi njala kusiyana ndi kumva kuti mlongo wake walephera chifukwa cha iye. Chibale ndi fupa, sichiola. Anamuuza zonse.

"Koma usakachule kuno, mlongo wanga. Napapata. Ana anga alibe china."

"Nani angamve zachuma kuno?" anayankha Yotam, pensulo ikuthamanga.

Lamulungu lotsatira mapemphero atatha, aphunzitsi aakulu anapempha anthu kuti asabalalike, alowe m'kalasi amve nzeru za mwana wawo wa ku yunivesite. Kunabweranso mzungu, mlangizi wa zaulimi, amene anamuikira mpando kutsogolo. Tisauke anakhala pansi kumbali ya amayi, mtima uli m'mwamba ndi kunyada.

Yotam anatenga choko n'kujambula mizere iwiri yokhotakhota yodutsana pakati. Anafotokoza kuti uwu ndi mzere wa ofuna kugula, uwu wa ogulitsa, ndipo pamene yakumana ndi pamene mtengo umakhazikika. Anajambulanso wina wosonyeza kuti ukamawonjezera olima pamunda womwewo, phindu la womaliza limatsika mpaka kutheratu. Zinali nzeru zenizeni, koma anazithira Chizungu chambiri mwakuti anthu anayamba kuyasamula. Mzungu uja anasuzumira wotchi yake.

Kenaka nkhalamba ina inakweza dzanja. "Pepani aphunzitsi, kodi njoka ziwirizo zilumana kapena zikwatirana?"

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. Ngakhale mzungu, atamumasulira, anagwira pakamwa. Tisauke anaona khosi la mlongo wake likuuma, ndipo anamumvera chisoni. Akanadziwa, chisonicho akanadzisungira yekha.

"Chabwino," anatero Yotam mwaukali. "Popeza mizere yakukanikani, nikupatsani chitsanzo chamoyo. Tisauke, imirira."

Anaimirira, mwana ali kumsana, osadziwa kuti walakwanji.

"Onani munthu uyu. Tsiku lonse akwanitsa mizere isanu na umodzi na khasu. Koma ali na ng'ombe ziwiri zolimira, Kaputeni na Mawanga, zimene mwamuna wake anabisa m'khola la amalume Ezron. Mwini alima na manja, ng'ombe zilimira wina. Ichi ndiye tichula kuti chuma chogona. Umbuli uwu ndiwo usaukitsa dziko."

Anabwerezanso m'Chizungu, ndipo mzungu anagwedeza mutu n'kuwomba m'manja. Anawomba yekha. M'kalasimo aliyense maso anali pansi, kupatula munthu mmodzi kubenchi lakumbuyo. Matthias anali kumwetulira mano onse panja.

M'mawa mwake dzuwa lisanakwere, Matthias anafika pakhola ndi amuna awiri komanso kapaso, mesenjala wa kubwalo lamilandu. Amalume Ezron anaima pachipata n'kuyamba kulumbira kuti ng'ombezo anagula.

"Aaa, madala, musazivute," anatero Matthias mofatsa. "Ananena ni mlongo wake weniweni, pamaso pa mzungu na mpingo wonse. Kodi munthu wa yunivesite anganame?"

Kapaso anavomereza kuti chuma cha malemu chimapita kwa abale ake achimuna, ndiye mwambo wa kwa Abson. Kaputeni anatuluka mosavuta. Mawanga anakana, anaponda pansi n'kumalira akuyang'ana Tisauke, mpaka chikwapu chinamutsegula pamsana. Tisauke anathamanga n'kugwira chingwe.

"Alamu, nisiyireni imodzi chabe! Ni ana a mng'ono wanu awa!"

"Ana ali na malume wophunzira, awadyetse mabuku."

Matthias anakoka chingwe mwamphamvu, Tisauke n'kugwa chafufumimba m'matope a pakhola, ndipo anakwekwerezeka mikono ingapo asanachisiye. Potuluka, Matthias anaima pamene panali Yotam n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Zikomo aphunzitsi. Zaka ziwiri nakhala nikufunafuna. Sukulu ni yabwino."

Tisauke anadzuka, ndowe zili m'tsitsi, zikhato zitasupuka. Anayang'ana mlongo wake, kudikira liwu limodzi lokha. Akanati pepani, mwina akanamukhululukira pomwepo, chifukwa mtima wake unali wopusa choncho pa iye. Koma Yotam anakonza tayi, maso akuthawa.

"Usaliretu ngati kwagwa maliro," anatero. "Kunena mwa zachuma, ng'ombe sizinatayike. Zasintha chabe mwini. Chuma cha dziko chili chimodzimodzi."

Tisauke anapita kuchitsime kukasamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamuikira chakudya pakhomo n'kubwerera osatsegula pakamwa.

Madzi akatayika saoleka. Sabata isanathe, anthu ena anayamba kufika kwa amalume Ezron mmodzimmodzi, aliyense ndi chingwe chake. Uyu anatenga thadzi lake, uyo ng'ombe yake ndi mwana wake. Ndani akanasiya chiweto m'khola lomwe chinsinsi chake chalembedwa m'kabuku? Pomatha mwezi, m'kholamo munamera bonongwe.

Tsiku lobwerera ku yunivesite linafika kumapeto a Febuluwale, mvula itagwa sabata yathunthu. Kuchokera pamudzi kukafika pamsewu waukulu wa ku Lusaka, pomwe basi inkadutsa kamodzi patsiku, unali ulendo wa maola awiri. Zaka zonse bokosi lachitsulo la Yotam, lodzaza mabuku, linkapita pachileyi, chimtengo champhanda chija ng'ombe zimakoka. Tisauke anali kuunga mizere ya mbatata pafupi ndi nyumba ya amalume pamene anamva mlongo wake akuitana.

"Amalume, nthawi yatha. Chileyi chili kuti?"

"Chileyi icho chatsamira mtengo," anayankha amalume Ezron osadzuka pampando. "Uzimange wekha m'goli."

"Mutanthauza chani? Bwerekani ng'ombe kwa anthu."

"Kwa nani? Ni nani angabwereke ng'ombe iwe? Ine nilibe ngakhale mchira, mwana iwe. Khola lonse linali la eni." Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. "Unati ng'ombe zilimira wina. Munda waukulu uja unauyesa wanga? Ni wa mlongo wako. Ine ninali kugwira chabe pulawo. Boma likulipirira kalasi, inde. Nanga sitima? Nanga jekete iyo, na wotchi unali kumupimira nayo, na mabuku ali m'bokosimo? Zonse ni chimanga cha Kaputeni na Mawanga. Ananiletsa kukuuza, ati ungachite manyazi kudya thukuta la mkazi wamasiye."

  Yotam anayang'ana wotchi, kenaka anaibisa m'dzanja la jekete. Anayesa kunyamula bokosi ndi dzanja limodzi, koma linangoti nyamu pang'ono n'kubwerera pansi. Anayenda pang'onopang'ono kufika m'mphepete mwa mizere ya mbatata.

"Tisauke," anatero chapansipansi, "nithandize tigwirizane. Basi izanisiya."

Tisauke anaika khasu pansi. Anazula udzu wautali, naupota mosafulumira mpaka unakhala nkhata yabwino yolimba, yonga imene ankamupangira ali mwana popita kumadzi. Anamuikira m'manja.

"Ine ndine munthu wotsala, Yotam. Ukanichotsa, palibe chichepa."

Amalume anamusenzetsa Yotam bokosilo, osati mwachifundo ayi. Khosi lomwe linazolowera tayi linapindika, miyendo n'kumagwedera. Anatsika njira yodutsa kumunsi kwa munda akuterereka, nsapato zikumira m'matope. Pakamtsinje phazi linaphonya mwala. Bokosi linagwa, chivindikiro n'kutseguka, ndipo mabuku anamwazika m'madzi amatopewo. Tisauke anamuona akugwada m'matope ndi jekete yake, akuwatola limodzilimodzi, mapepala ena akuyandama kupita kumunsi.

Kenaka Yotam anatembenuka n'kuyang'ana kumtunda.

"Alongo!" anaitana, mawu atasweka. "Alongo anga!"

Zaka zitatu Tisauke anali akulakalaka kumva liwu limenelo. Misozi inadzaza m'maso mwake, ndipo phazi limodzi linasuntha lokha. Koma mwana kumsana anayamba kulira, wamkulu naye anali kumukoka chitenje kufunsa chakudya, ndipo mizere ya mbatata inali isanafike ndi theka lomwe.

Anawerama n'kutola khasu.