Wokumba wa pa Nyanja ya Kolkwiede

Chaka chimenecho nyanja yathu ya Kolkwiede inaundana bwino, patatha zaka zambiri isakuchita zimenezo. Ine ndine Harmke. Nthawi yotentha ndimabwereketsa mabwato kwa alendo obwera kudzaona mbalame ndi kudzasambira, ndipo kukazizira ndimangopaka mabwatowo utoto m'shedi. Koma sabata imeneyo palibe anakhala m'nyumba. Ana anajomba kusukulu. Akuluakulu ananamizira chimfine kuntchito. Aliyense anavala nsapato zake zokhala ndi mipeni kunsi n'kumatsetsereka pa ayezi mpaka mdima.

Ndimakhala ndi achimwene anga a Lammert. Paunyamata wawo palibe ankawapeza pa ayezi m'dera lathu lonse. Koma tsopano mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Ankatha kusochera m'nyumba imene anabadwiramo. Miyendo yokha ndi imene sinaiwale kanthu.

Lachisanu madzulo ndinapita nawo kugombe, kumene mnzanga Geesje ankagulitsa supu wa nsawawa wa soseji ndi koko wotentha. Achimwene anakana kuchoka pakhomo popanda nsapato zawo za mipeni, choncho ndinawalola kuzikoleka m'khosi. Ndinawakhazika pa benchi.

"Harmke, achimwene akowa uwamange chingwe," anatero Geesje. "Taona mmene akuyang'anira nyanjayo. Ngati mnyamata amene waona namwali."

"Ndingowamata ndi supu wakoyu, mmene walimbiramu. Wathiramo simenti kodi?"

"Supu weniweni supuni imaima chilili, mbuli iwe. Idya uko."

Tikuseka choncho anafika Tjeerd, mlonda wa malo otetezedwawa, atanyamula mbendera zofiira. Anati aliyense asadutse bango kupita ku Maenje Akale, chifukwa kumeneko madzi amayenda pansi ndipo ayezi wake ndi wopyapyala. Tinamuyankha kuti tamva, abwana. Kunali kutayamba kuda, monga kumachitira msanga nyengo imeneyo, ndipo anthu anali akuyatsa nyali m'mbali mwa gombe.

Ndinatembenuka ndi mbale ya achimwene m'manja. Pa benchi panalibe munthu. Nsapato zawo za tsiku ndi tsiku zinali pansi, zitaikidwa bwinobwino.

"Mayi Harmke, dikirani," anatero Tjeerd, foni ili kale kukhutu. "Ndikuitana anthu a zingwe ndi makwerero ovuulira ogwera m'madzi. Musapite nokha."

"Dikira iweyo. Ndi ntchito yako."

Ndinamanga nsapato zanga, ndinavala tochi pamphumi, n'kulowa pa ayezi.

Mizere imene mipeni ya achimwene inasiya pa ayezi sinali yovuta kuipeza. Palibe wina kwathu amene amakoka mwendo patali chotero. Inadutsa pakati pa anthu, inadutsa mbendera yofiira, n'kulowa m'bango. Ndinaitsatira m'ngalande zowongoka zija zimene makolo athu anasiya pokumba dothi loyaka, lija ankaliumitsa n'kumalikoleza ngati nkhuni. Nyimbo za kugombe zinayamba kuchepa. Kenako zinatheratu. Kunatsala kulira kwa mipeni yanga ndi mpweya wanga.

Nkhungu inatsika. Tochi inkangoonetsa bango kumanja, bango kumanzere, ndi mizere iwiri patsogolo.

Ndinamva fungo la utsi. Unali utsi wa dothi loyaka, wolemera, wonunkhira chinyontho, umene ndinaumva komaliza ndili kamtsikana. Kuno kulibe nyumba. Kulibenso munthu amene amakoleza dothi limeneli masiku ano.

Kenako ndinamva phokoso. Tchwa. Kachetechete. Tchwa. Ngati fosholo yakuthwa ikulowa m'dothi lonyowa.

"Achimwene!" ndinakuwa. "A Lammert!"

Tchwa.

Bango linatha, ndipo ndinatulukira pa Maenje Akale. Achimwene anali ataima pakati, manja kumbuyo, ali phee. Pafupi nawo panali munthu.

Anali wamfupi, wa mapewa aakulu, atavala malaya a ubweya ong'ambika ndi chipewa chophwatalala. M'manja mwake munali fosholo yaitali, yopyapyala, ya mtundu umene umangopezeka wopachikidwa pakhoma m'nyumba ya zinthu zakale. Ankadula ayezi. Amalowetsa fosholo, n'kutukula chidina cha ngodya zinayi, n'kuchisanja pa mulu pambali pake. Sankafulumira. Pamene wadula pankatsala madzi akuda bii.

Ndinayendetsa tochi kutsatira madziwo. Ngalande yake inali itazungulira achimwene pafupifupi mbali zonse. Panangotsala kanjira kamodzi ka ayezi, kopapatiza ngati chitseko, ndipo munthuyo anali atayamba kukadya m'mbali.

Ndinaunika miyendo yake. Inali italowa mu ayezi mpaka m'mawondo, koma ayeziyo sanasweke. Anangomuzungulira ngati mmene amazungulirira mtengo wa mlatho. Ine mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Achimwene chimodzimodzi. Iye ayi.

Ndinasendera pafupi.

"Pepani bambo," ndinatero. "Mukutani pano?"

Sanadzutse mutu. "Ndikukumba."

"Pano ndi panyanja."

"Pano ndi pamzere wanga. Sindinaumalize."

Mawu ake ankamveka ngati a munthu amene akulankhula ali m'chitsime. Tchwa. Chidina china chinakwera pa mulu.

"Harmke, wabwera?" anatero achimwene, akumwetulira. "Bambowa akusowa munthu wosanja zidina. Ndawauza kuti ndiwathandiza. Kunyumba ndimangokhala, mlongo wanga. Ndimangokutopetsa."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kuzizira.

"Uyu kumtunda alibe ntchito," anatero munthu uja. "Mawa dzina lake lomwe adzakhala ataliiwala. Kwathu sitifunsa dzina. Tikufuna manja basi. Pita kwanu, mayi. Ukagone tulo tabwino kamodzi."

Sindinama, ankadziwa pogwira. Ndinali nditatopa ndi kudzuka usiku, kubisa makiyi, kuchapa zofunda. Koma kumva chinthu chimenecho chikunena zimenezi, mantha anga onse anasanduka ukali. Ulemu unathera pomwepo.

"Iwe!" ndinakuwa. "Tandiyang'ana ndikamalankhula!"

Fosholo inaima m'mwamba. Anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope yake inali yakuda, yokwinyika ngati chikopa chimene chakhalitsa m'matope. Pamalo a maso panali madzi. Ankanyezimira ndi tochi yanga, osagwa.

"Simunakhute?" ndinatero. "Munakumba dziko lonseli n'kukaligulitsa m'mizinda. Munakumba mpaka pakhomo pa nyumba zanu, mpaka mphepo itabwera ndi madzi mudzi wanu wonse unamira, tchalitchi ndi manda omwe. Ndikudziwa kuti inali njala. Ndikudziwa kuti amene analemera ndi ena, iwe unangotsala ndi msana wopindika. Koma zinatha! Dzenje limene munatisiyira ife talisandutsa nyanja. Muli bango, muli akatumbu, ana amasambiramo. Ndi yathu tsopano. Ndipo awa ndi achimwene anga. Akanditopetsa ndi nkhani yanga, si yako."

Munthu uja anatembenukira ku kanjira kaja n'kukweza fosholo.

Sindinaganize. Ndinadzikankha, ndinalowa pa kanjirako, ayezi akulira pansi panga ngati mbale yosweka. Fosholo itangotsika ndinaiponda ndi phazi lamanzere. Chitsulo chinakumana ndi chitsulo. Kuzizira kunakwera mwendo wonse mpaka m'chiuno, ngati wina wandilowetsa waya m'fupa.

"Dula ndione," ndinatero. Mano ankagundana, koma ndinanena. "Yamba ndi ine."

Anakoka fosholo. Ndinapondereza. Fungo la matope linandidzaza m'kamwa. Madzi anayamba kukwera pamwamba pa ayezi n'kunyowetsa nsapato zanga. Ndinadziwa kuti kanjirako sikakhalitsa, ndipo achimwene anali chiimire, akutiyang'ana ngati akuonera anthu akutsutsana pamsika. Kuwakoka sindikanatha. Ndi aamuna aatali, ndipo ukawakoka amalimba ngati chitsa.

Ndiye ndinakuwa mmene ankakuwira anthu pa mipikisano kale, achimwene akamapikisana ndi anyamata a kudera la Friesland.

"Lammert! Anyamata a ku Friesland adutsa kale! Akuti wakalamba! Akuti akakudikira kwa Geesje!"

Mutu wawo unadzuka. "Ati chiyani?"

"Akuti ndiwe bakha!"

"Ana a dzulo amenewo?"

Anawerama. Anakankha kamodzi, kawiri, n'kundidutsa ngati mphepo, phewa lawo likukhudza langa. Ndinasiya fosholo n'kutembenuka. Kanjira kanasweka. Mwendo umodzi unalowa m'madzi mpaka m'ntchafu, ndipo pansipo china chake chinandigwira chidendene, mofatsa, ngati munthu amene akungofuna kukukumbutsa kanthu. Ndinachimenya ndi mpeni wa nsapato. Ndinagwa chafufumimba, ndinakwawa ndi zigongono, ndinadzuka, ndinathamanga.

Sindinacheuke. Ndili m'kati mwa bango ndinamvanso kumbuyo. Tchwa. Kachetechete. Tchwa.

Tinakumana ndi Tjeerd ndi anthu ake pa mbendera yofiira, atanyamula makwerero. Achimwene anawadutsa osaima mpaka pa tebulo la Geesje, n'kulimenya ndi dzanja.

"Ali kuti a ku Friesland aja?" anafunsa, akupuma mwawefuwefu. "Ndawasiya, eti?"

"Mwawasiya kutali, achimwene," anatero Geesje, misozi ili m'masaya. "Khalani pansi mudye."

Kutacha Tjeerd anapita ku Maenje Akale ndi amuna ena, ndipo ine ndinawatsatira ndikutsimphina. Ngalande inalipo, yozungulira, m'mbali mwake mowongoka ngati mwadulidwa ndi mmisiri. Mulu unaliponso. Koma sizinali zidina za ayezi. Zinali za dothi loyaka, zakuda, zouma gwa, zosanjidwa mosiya mipata yoti mphepo izidutsa. Tjeerd anazungulira muluwo, anavula chipewa, anachivalanso. Anati mwina ndi achinyamata ochita zachipongwe.

Pofika masana mudzi wonse unali ukunong'ona. Ena ankati ndi mmodzi wa anthu amene anamira usiku wa chimphepo chija, amene anakana kuthawa chifukwa mzere wake unali usanathe. Ena ankati amatuluka nyanja ikaundana kuti apeze pokumba, ndipo sabwerera yekha. Onse anagwirizana chinthu chimodzi: muluwo usakhudzidwe.

"Wamva, Harmke?" anatero Geesje atandigwira mkono. "Ndikukudziwa iwe. Zisiye zimenezo. Ndi zake."

"Zake? Anazikumba m'nyanja yathu. Anandinyowetsa mwendo, phazi ili mpaka pano silikumva kanthu. Ndipite chimanjamanja?"

"Udzafa ndi makani."

"Bola makani kusiyana ndi supu wako."

Ndinatenga chileyi chokokera katundu pa ayezi, ndinapita ndekha dzuwa likanali, n'kupakira zidina zonse. Anthu anaima pagombe kundiyang'ana ndikubwera. Palibe anandithandiza kukoka, ndipo sindinapemphe.

Madzulo ndinakoleza mbaula. Dothilo linagwira moto msanga, lofiira, lopanda malawi ambiri, ndipo nyumba yonse inafunda mpaka kuchipinda. Achimwene anakhala pafupi atatambasula manja, kenako anagona pampando.

Ndikutsuka mbale ndinamva kuseri kwa nyumba, cha kumene ndimamangirira mabwato. Tchwa. Kachetechete. Tchwa.

Ndinapukuta manja. Ndinatsegula chitseko. Panja panali nkhungu yokhayokha.

"Zikuyaka bwino!" ndinakuwa. "Ukakumba zina udzasiye pakhomo pano. Koma zouma, wamva?"

Phokoso linaleka. Ndinaima pamenepo mpaka kuzizira kunandilowa m'mano. Kenako linayambanso, ndipo sindinathe kudziwa ngati linali likuyandikira kapena likupita.

Ndinatseka chitseko, ndinakhoma, n'kuponya chidina china pamoto.