Zimene anafukula m'dambo la ku Chifunga

Dambo la kumunsi kwa msika ku Chifunga linakwiririka kalekale ndi zinyalala ndi zidutswa za njerwa. Chaka chatha bungwe lina linapereka thandizo kuti alifukule, madzi abwerere, pakhale paki yoti anthu azipumirapo. Kettie ndiye anali kapitawo wa amayi okumba. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, koma khasu sankalisiya.

Lachinayi masana anafika pa dothi lakuda. Makasu anayamba kutulutsa mapale ang'onoang'ono, ovundikira, ondandalika m'mizere. Mayi Rute, wamkulu pa gululo, anaika khasu pansi.

"Apa tisapitirire, a kapitawo."

"Eni ntchito akubwera Lolemba," anatero Kettie. "Kumbani basi."

Mapalewo anakawataya kuseri kwa chulu.

Madzulo atadya, Kettie anakumbukira kuti sanatseke ngalande yolowetsa madzi. Anatenga tochi, osawauza amuna ake, a William.

Atafika kudamboko, achule anali zii. Pamene anakumba paja madzi anali atadzaza kale. M'madzimo munali mayi wina, atawerama, akufufuza m'matope ndi manja. Kumsana anamanga chitenje ngati wabereka mwana. M'chitenjemo munalibe kanthu.

"Zikomo mayi. Kodi mukufuna chiyani muno?"

Mayiyo sanacheuke. "Wanga ndinamusiya pano. Mwamuika kuti?"

Kettie anawalitsa tochi kumbali. Panali wina. Ndi winanso. Onse owerama, onse obereka zitenje zokha. Madzi osamveka kukhuvuka. Mayi woyamba uja anaweramuka pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane kumaso. Anamuyang'ana pamimba.

A William anamupeza Kettie m'mbandakucha atagwada m'madzi olekeza m'chiuno, zikhadabo zitathyoka, akubwezera mapale m'matope limodzilimodzi. Kuchipatala namwino anamvetsera pamimba nthawi yaitali. Anaitana mnzake, nayenso anamvetsera. Mtima wa mwana sunkamveka. Kenako onse awiri anayang'ana pansi.

Akuluakulu amanong'onezana kuti kale amayi ankaika nthayo m'dambomo, ana obadwa akufa, popanda kulira, popanda mwamuna woperekeza, n'kuzivundikira ndi mapale. Akuti amene anayamba kutayamo zinyalala ankadziwa chimene ankaphimba.

Pakiyo anaitsegulira ndi nyimbo. Bango laphuka, mipando yokhalira ilipo, koma mayi wapakati sadutsapo, amazungulira njira yakumtunda. Ndipo kumene anakaika mwana wa Kettie, amayi amene anamunyamula safuna kunena.