Woponya Madayisi Usiku

Chinthu choyamba chimene mayi wina wosoka zovala anaona chinali mpando. Madzulo anaukankhira kunsi kwa tebulo la kompyuta monga ankachitira akamaliza kusesa, koma m'mawa anaupeza utakokedwa, utayang'ana chammbali ngati munthu wangodzukapo kumene. M'nyumbamo ankakhalamo anthu awiri basi: iye ndi mwamuna wake, amene anali chigonere kuyambira pamene anafa ziwalo mbali yonse ya kumanja.

Tinene zoona, ukwatiwo unali utatha kale matendawo asanabwere. Bamboyo atapuma pantchito anakwatira kompyuta. Mnzake wina, amene anthu ankangomutchula kuti a Chipewa, anamuphunzitsa bakigamoni, masewera oponya madayisi n'kumayendetsa timiyala toyera ndi takuda mpaka tonse tituluke pabolodi. A Chipewa atamwalira iye anapitiriza kulimbana ndi makinawo usana ndi usiku, mkazi akayankhula yankho lake n'kukhala lakuti, "Dikira ndiponye kaye." Mayiyo anapirira mpaka kupirira kunatha. Anamuuza maso ndi maso kuti akupita kwa mkulu wake ndipo sadzabweranso. Sabata yomweyo bamboyo anagwa m'bafa. Nanga munthu ungachoke bwanji pamenepo, maso a anthu ali pa iwe? Anatsala. Anavundikira makina ake osokera, makasitomala n'kubalalika, iye n'kuyamba ntchito yosambitsa, yotembenuza, yodyetsa ndi yotaya beseni. Chimene ankadikira chinali chimodzi: munthuyu adzuke, iye aone msewu.

Usiku wotsatira tsiku la mpando lija anadzidzimuka m'kachipinda kosokera komwe ankagona. Kunja kunali zii, ngakhale galu osauwa. Kenako anamva kaphokoso kuchokera pabalaza, kapansipansi, kokhala ngati munthu akugwedeza miyala m'chitini: khotcho, khotcho, kenako gobede. Panapita kanthawi. Ndiye tapu, tapu, timiyala tikuyenda. Pansi pa chitseko pankalowa kakuwala kobiriwira, kakuthwanima pasimenti. Thupi lonse linamuchita tsemwe. Anafunda bulangete kumutu mpaka kunja kunayera.

M'mawa anayatsa kompyutayo. Masewera anali pakati, timiyala titamwazikana, kamodzi koyera katagwidwa n'kuikidwa pamzere wapakati, kakudikira woponya.

"Bambo, munamva kalikonse usiku?" anafunsa akumupukuta kumaso.

Bamboyo anangoti maso kudenga tong'o, dovu likutsika pakona pa mlomo, n'kubuula zosamveka.

Anakauza mayi woyandikana naye nyumba, pampanda, monong'ona. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. Pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa kuti a Chipewa abwerera. Ena ankati malemuwo anafa masewera asanathe, ndipo munthu wotero sagona. Wogulitsa makala analumbira kuti anaona chithunzithunzi cha munthu wachipewa pakatani. Ana anasiya kudutsa pakhomopo.

"Achimwali, samalani," anatero woyandikana nayeyo, mawu ali pansi. "Akadzamaliza masewerawo adzafuna mnzawo. Mwina ndi amene akuwagwira bambowa kuti asachire."

Mawu amenewo anamulasa. Ngati wakufa ndi amene wagwira miyendo ya mwamuna wake, ndiye kuti iye adzakalamba akutaya beseni. Kaphokoso kaja kanabwera usiku umenewo, n'kubweranso mawa lake, ndipo nthawi ina anamva ngati wina akuseka m'mphuno. Tsiku lina madzulo analimba mtima, nazula chingwe cha kompyuta kukhoma, n'kuchiponya kuseri kwa tebulo.

Anagona maso ali gwa. Mdima unali wandiweyani, wotchi ya pakhoma yokha ndi imene inkamveka. Atatsala pang'ono kugonja ndi tulo anamva phazi likukwekwesa pansi: khwee, n'kuima, khwee, n'kuima. Mpando unalira. Wina anapumira m'mwamba ngati akuwerama, nafufuza kuseri kwa tebulo. Kenako pulagi inalowa kukhoma kuti khethe.

Mantha anamuthera pomwepo, m'malo mwake munalowa china chotentha. Mzukwa wanji wowerama n'kubuula msana? Mzukwa wanji wofuna magetsi? Anadzuka osavala ndi patapata yemwe, natsegula chitseko pang'onopang'ono.

Pampando panali mwamuna wake. Kuwala kwa kompyuta kunkamumenya kumaso, ndipo dzanja lamanja, lomwe lija iye ankalisisita ndi mafuta m'mawa uliwonse, linali pamausi, zala zikudumpha ngati za mnyamata.

"Inu," anatero mayiyo. "Chiyambire liti?"

Bamboyo sanadzidzimuke. Sanatembenuke n'komwe.

"Dzanja linayamba kumva kalekale," anayankha bwinobwino, lilime lili lowongoka. "Mwendo unatsatira pambuyo."

"Ndiye ine kumakunyamulani mpaka msana kuphwanya? Kumakupukutani ngati khanda? Mulibe manyazi inu?"

"Ndikanadzuka ukanapita."

Anazinena ngati akunena za mvula. Mayiyo anamuloza chala mwaukali.

"Ndipitadi. Kukangocha."

"Pita," anatero bamboyo. "Ukawauze anthu kuti wasiya wodwala pakama chifukwa wamuona akusewera usiku. Si iwe wemwe unawauza kuti muno muli mzukwa?"

Kutacha anaitanitsa mlamu wake, mchemwali wa bamboyo, kuti adzamve ndi makutu ake. Anamufotokozera zonse misozi ili chuchuchu. Mlamuyo analowa kuchipinda, nakapeza mchimwene wake ali thapsa, mlomo utapotoka, pilo atanyowa ndi dovu. Ananyamula dzanja lamanja lija, nalisiya. Linagwa pabulangete ngati nsanza yonyowa.

"Alamu," anatero potuluka, nkhope ili gwa, "dzana munkati mzukwa, lero mukuti wodwala akuyenda. Mawa mudzati chiyani? Ngati mwatopa nawo achimwene angawa nenani, osati kuwanamizira munthu woti sangathe n'kudziyankhira komwe. Tonse tikudziwa kuti munkafuna kuthawa kale."

"Ndinawaona ndi maso angawa!"

"Maso a munthu wosagona amaona zambiri. Pitani mukawasinthe, adzinyowetsa."

Woyandikana naye uja anali pakhomo, akumvera zonse, akupukusa mutu momvera chisoni wodwalayo. Mayi wosoka anayang'ana nkhope ziwirizo, nadziwa kuti akatuluka pakhomopo ndi chikwama, ngakhale mkulu wake yemwe sadzamutsegulira chitseko. Anatenga beseni.

Usiku umenewo madayisi analiranso, ndipo ulendo uno mwini wake sanavutike n'kuchepetsako mawu komwe.