Ameni wa Zelifa

Anakumana pa msika wa fodya ku Nsaru, chaka chija anthu ankangokamba za Chitaganya cha atsamunda. Zelifa ankagulitsa thobwa pansi pa mkuyu. Hudson anatulukira pa njinga yobwereka, seda ili mbee pamutu.

Anamwa chipanda chimodzi. Anaitanitsa china. Atapempha chachitatu, Zelifa anaseka.

"Kodi ludzu lake ndi lotani limeneli?"

"Si la thobwa ayi," anatero Hudson. "Ndikuopa kuti ndikachoka pano, maso angawa akhala amasiye."

Koma mnyamata ameneyu pakamwa! Ankhoswe anakumana, ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi, Hudson n'kudzamanga nyumba kwawo kwa Zelifa ngati mkamwini. Zelifa analowa Chigwirizano cha amayi, navala bulauzi ndi duku loyera.

"Iwe ndiwe nthanda yanga," Hudson ankatero m'mawa uliwonse. "Ndikakuona ndiye kuti kwacha. Dzina limeneli ndi lako wekha mpaka kumanda."

Ndani sakanakhulupirira?

Chisangalalo sichinakhalitse. Fodya atavuta, Hudson analembetsa ku Wenela kuti akagwire ntchito ku migodi ya ku Joni.

"Usalire, nthanda yanga. Chimanga chikamadzacha kachiwiri, udzamva belu la njinga yangayanga pakhomo pano. Makina osokera adzakhala pakaliyala. Pali Mulungu!"

Chimanga chinacha kachiwiri. Chinacha kachitatu. Anzake anabwerako ndi majekete ndi masutikesi, koma za Hudson aliyense ankangopukusa mutu. Pamudzi anayamba kumutchula kuti mtchona. Amalume a Zelifa anati ukwati wa mphepo ngwachiyani, angoutha. Zelifa anakana. Pemphero lake linali limodzi lokha: "Ambuye, ndingomuona ndi maso angawa ali moyo."

Analipemphera mpaka linauma pakamwa.

Amene anazindikira anali a Edith, mtsogoleri wa Chigwirizano, mayi wosabisa mawu. Nawonso amuna awo anapita kukagwira ntchito ku Sozibele kalekale osabwerako. Tsiku lina pochokera kumapemphero anamukokera pambali.

"Iwe Zelifa, milomo ikugwedera koma mawu kulibe. Ukuyesa ndilibe maso?"

Zelifa anagwetsa misozi. "Amayi, Mulungu anandifulatira. Ndikagwada ndimangomva mkwiyo. Duku ili ndikulivala mwachinyengo. Bola ndingosiya."

"Usiye upite kuti? Ine ndinamukwiyira Mulungu chaka chathunthu, Baibulo n'kulibisa m'nkhokwe. Ankandipempherera ndi anzanga. Iwe uzibwera basi. Ife tizipemphera, iwe uzingoti Ameni."

"Nanga Ameniyo akandikanika?"

"Ndidzakunenera ndine. Pakamwa pangapa sipatopa, funsa aliyense."

Zelifa anaseka misozi ili m'masaya. Kuyambira pamenepo Ameni ndiye anali chingwe chokha chomumangirira kwa Mulungu wake, ndipo ankachigwira ndi manja awiri.

M'chilimwe amayi a mipingo ingapo anasonkhana chakufupi ndi Nambuma. Loweruka anagawana midzi kuti akazonde odwala. Gulu la a Edith analilozera kwa mayi wina wachitsikana, Natalia, yemwe mwamuna wake anabwera ndi chifuwa cha kumigodi. Wina anasenza ufa, wina madzi. Zelifa anasenza mtolo wa nkhuni.

Natalia anawachingamira pabwalo, mwana woyenda kale atamugwira chitenje. Anali wowonda, maso ofiira chifukwa chosagona.

"Mwandikumbukira, amayi anga! Ndinayesa Mulungu wandiiwala."

Mawu amenewa anamulasa Zelifa. Anamumvera chisoni ngati mng'ono wake weniweni.

M'nyumba munamveka chifuwa chachitali. Kenaka mawu otopa anafunsa:

"Nthanda yanga, kwabwera ndani?"

Nkhuni zinagwa pansi, mtolo n'kumasuka.

Zelifa sanaodire. Anakankha chitseko. Pamphasa panagona munthu wotha thupi, nthiti zili pamtunda. Seda ija kunalibe, koma maso anali omwewo.

"Hudson!"

"Zelifa... mayo ine!" Anayesa kudzuka, chifuwa n'kumubweza. "Ndimvere kaye. Anandibweza ku Joni ndikudwala. Ndinalibe njinga, ndinalibe makina. Manyazi, Zelifa! Ndikanafika bwanji chimanjamanja?"

"Manyazi? Mwana uyu wabadwa ndi manyazi? Ine ndinkafuna makina kapena iwe?"

Natalia anaima pakhomo. "Kodi mayiwa ndani, bambo a mwana?"

Hudson anatembenukira kukhoma.

"Ndi mkazi wake wa ukwati woyera," anayankha a Edith, popeza panalibe wina woti anene.

"Ayi! Anandiuza kuti sanakwatirepo! Anati dzina lija ndi langa ndekha mpaka kumanda!" Natalia anakhala pansi, manja kumutu.

Zelifa anathamangira kuseri kwa nkhokwe. Anavula duku loyera lija n'kuliponya m'fumbi.

"Ndinapempha kuti ndimuone ali moyo. Ndamuona! Yankho lake ndi limeneli? Zaka zonsezi ndikulirira munthu ali pa mtunda woyenda wapansi! Ndamusenzera ndi nkhuni zomwe, ine chitsiru!"

A Edith sanamudzudzule. Anatola duku, nalikung'untha, n'kulipinda bwinobwino. Amayi ena aja anabwera mmodzimmodzi, namuzungulira. Womaliza anali Natalia. Anafika chokwawa ndi mawondo.

"Akulu anga, sindinadziwe. Ndikhululukireni. Ngati n'kundimenya, ndimenyeni."

Zelifa anamuyang'ana. Ankafuna kumuda, koma amude bwanji? Onse anamwa chipanda chimodzi cha bodza.

"Sunandilakwire," anatero Zelifa. "Tola nkhunizo. Mwanayo asagone ndi njala."

"Tigwade," anatero a Edith.

"Ine sindingathe, amayi."

"Sindinati upemphere. Ndati tigwade."

Anagwada m'fumbi momwemo. Dzanja lina la Zelifa analigwira a Edith, lina Natalia. A Edith sanakometse mawu.

"Ambuye, ana anu awiri awa apwetekedwa. Ife sitikumvetsa, ndipo sitikunamizani kuti tikumvetsa. Wodwala uja mukumudziwa ndinu. Koma awa musawataye. Ameni."

"Ameni," anayankha amayi onse.

Kenaka maso anatembenukira kwa Zelifa. Onse ankadikira mawu amodzi. Zelifa anatsegula pakamwa, milomo inagwedera, koma Ameni sanatuluke. Chingwe chija chinali chitaduka. M'nyumba muja Hudson ankatsokomolabe.

A Edith anamufinya dzanja mwamphamvu.

"Ameni," anatero kachiwiri, mokweza kuti kumwamba amve. "Ameneyo ndi wa Zelifa, Ambuye. Mwini wake abwera."

Anamuveka duku lija kumutu, fumbi likuonekabe, n'kulimanga mfundo yolimba. Zelifa sanalivule. Anatsamira pa phewa lawo, nalira ngati mwana.