Mpweya wa M'kamtima ka Galasi

Mmisiri wina wa magalasi atakwatira, sanagulire mkazi wake mphete. Anasungunula galasi m'ng'anjo, nauzira ndi chitoliro chachitsulo, naumba kamtima kofiira. Pakati pake panatsalira kathovu.

"Kathovu aka ndi mpweya wanga," anatero. "Ndautsekera umu, ndi wanu nokha."

Mkaziyo anaika kamtimako pawindo la kuchipinda, ndipo m'mawa uliwonse ankakapukuta fumbi. Banja linali lokoma.

Zinthu zinasintha pamene mayi wina wa sitolo ya mphatso anayamba kuoda timitima totere kwa mmisiriyo. Tsiku lina mkaziyo anationa titandandalikidwa pashelefu m'sitolomo, kalikonse ndi kathovu kake, pansi atalemba kuti "Mpweya wa wokondedwa wako". Ali chiimire, bambo wina wovala mphete anagula tiwiri, nauza wogulitsa kuti atikulunge padera. Mkaziyo anabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Kalanga ine, chikondi kuchigulitsa ngati sopo!

Woyandikana naye nyumba anasonkhezera motowo. "Asisi, mukugona? Mayi ujatu akafika kuntchito kwa amuna anu, chitseko n'kutseka. Kamtima kena wavala m'khosi."

Mkaziyo sanafunse mwamuna wake modekha, monga zimayenera kukhalira m'banja. Masana ena anatenga kamtima kake nalunjika kuntchitoko. Anawapezadi awiriwo ataweramira tebulo limodzi.

"Bambo, mpweya wanu uja mwayamba kugawa ngati maswiti?"

"Mayi, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Mufotokoze chiyani? Tauni yonse ikupuma inu! Uyunso mwamuuza kuti ndi wake yekha?"

Anamenyetsa kamtimako pansi, phwaa! Kenaka anatola chitoliro chija kuti amenye mayi wa sitoloyo, koma mwamuna wake anaima pakati. Chitsulocho chinamupeza pamutu, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

Kukhoti, mayi wa sitoloyo anapereka umboni akulira. Anati ankatseka chitseko chifukwa mphepo ikawomba galasi lotentha limang'aluka. Woweruza anafunsa za timathovu tija.

"Bwana, n'zoona ndinawakakamiza malemuwo kuti aziuzira ndi pakamwa, malonda ayende bwino. Anakana. Tonse tija ankapopera ndi pampu. Ankati, 'Mpweya wanga ndinapereka kale, uli pawindo kunyumba.' Mawu a pashelefu ndinalemba ndekha."

Mkaziyo anakomoka atamva zimenezo. Woweruza anamulamula kukakhala kundende zaka zambiri chifukwa chopha munthu.

Nsanje siyembekeza yankho, ndipo amene amagulitsa chikondi ndi mawu abodza naye ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu. Lero mkaziyo amakhala m'chitolokosi, manja ali pachifuwa. Ndende siimupweteka kwenikweni. Chimene chimamuliza n'chakuti mpweya wa mwamuna wake unatsala pamalo amodzi okha padziko lapansi, ndipo anautulutsa yekha ndi dzanja lake.