Manda Opanda Mitengo

Amene anandichititsa manyaziwa ndi Goodwill, mwamuna wa mwana wanga Tisunge, mu Seputembala chaka chatha. Ndikumutchula dzina chifukwa kutchalitchi kwathu ku Springburn, kuno kudziko la azungu, nkhaniyi akuikhotetsa.

Anabwera m'mawa ndi galimoto. "Bambo, tiyeni mukaone nyanja za kumpoto. Masamba ayamba kufiira."

Tinayenda tsiku lonse, nyanja mbali iyi, mapiri mbali inayi. Iye amangoima n'kumajambula. Ine tiyi wa m'fulasiki anali atatsika kale, koma ndikanamuuza bwanji mkamwini, mwana wanga wamkazi ali pomwepo? Ndinapirira mpaka dzuwa linapendeka.

"Goodwill, imani. Nditayeko madzi."

Kumtunda kwa msewu kunali mitengo yowirira, itaunjikana pamodzi. Kumunsi, m'mphepete mwa nyanja, kunali kampanda ka miyala ndi udzu wokhawokha.

"Lowani m'mitengomo, adadi," anatero Tisunge.

Ndinakana. Kwathu ku Dowa mitengo ikaunjikana choncho poyera, amenewo ndi manda. Ngakhale ndili mlendo, sindingaipitse pogona anthu.

Goodwill anaseka. "Ndiye pitani kuseri kwa kampandako, bambo. Kulibe wokuonani." Anati iwo afike patsogolo pang'ono akajambule dzuwa lisanalowe, abweranso.

Ndinalowa pakachipata. Mu udzumo munali miyala mbwee, yodzaza ndere. Ndinasankha umodzi woimirira. Ndili mkati motaya, ndinaona kuti pamwalapo pali zolemba. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mtanda ndimaudziwa.

Kuleka sindinathe. Okalamba anzanga akudziwa.

Mdima unagwa msanga. Galimoto osabwera. Tizilombo toluma timene tinandizinga tinachoka tonse nthawi imodzi. Nyanja inangoti zii.

Pachipata paja panaima mayi wokalamba, mzungu, atafunda nsalu yakuda kumutu. Nsaluyo inali yonyowa kuyambira paphewa, ikudontha. Mvula sinagwe tsiku limenelo.

Ndinavula chipewa. "Zikomo, mayi. Ndidutseko."

Sanasunthe. Atalankhula, sichinali Chingerezi, sichinali Chichewa, koma ndinamva.

"Ndiwe yani?"

Usiku sutchula dzina lako kwa munthu amene sukumudziwa. Anasendera. Fungo limene linachokera pansalu yake linali langa lomwe.

"Ndiwe yani?"

"Ine andilozera kuno, mayi."

"Ndani?"

"Goodwill Kaliwo," ndinatero. Ndinatchula ndi msewu umene amakhala ku Govanhill.

Anapatuka, ine n'kudutsa. Sindinacheuke. Ndinafika pamsewu buluku litanyowa. Magetsi a galimoto anandiwalira pomwepo.

Nditalowa, Tisunge anatsegula zenera. Goodwill anandiyang'ana pagalasi. "Bambo, eni ake mwawapatsa moni?"

Ndiye kuti amadziwa. Njirayo anaidutsapo kambirimbiri.

Lamulungu lotsatira mpingo wonse unali utamva. Amayi a Mvano amabisa nkhope m'zitenje ndikamadutsa. Wina anandifunsa ngati ndinathirira bwino maluwa. Ine, munthu amene ndakumba manda a abale anga ndi manja awa! Kutchalitchi ndinasiya. Za mayi uja sindinauze munthu.

Kenako Tisunge anayamba kudandaula kuti m'mawa uliwonse pakhomo pawo pamakhala ponyowa. Iwo amakhala pamwamba, nyumba yachitatu kuchokera pansi, m'kati mosalowa mvula. Amakolopa, mawa lake ponyowanso. Goodwill anasiya kugona. Akuti amangokhala pampando kuyang'ana chitseko.

Tsopano akunong'onezana kuti ndinamulodza ndine. Ndinanama pati? Mayi uja anandifunsa wondilozera, ndinamutchula.

Mu Novembala apolisi anamupeza m'bandakucha kumanda kuja, galimoto ili pamsewu chitseko chosatseka. Anali atagwada wopanda nsapato, akupukuta mwala ndi malaya ake. Ntchito anasiya. Mpaka lero salankhula, ndipo usiku Tisunge amabisa makiyi a galimoto.