Sikirini ya Munthu Wosaona

Mtembo unapezeka Lolemba m'mawa, pansi pa masitepe a kuseri kwa ofesi, ndodo yoyera ili poteropo. Inspekitala anagwada nkuuyang'ana nthawi yaitali. Imvi zake zinamera pa ntchitoyi, ndipo sankakonda kuweruza maso asanakhute.

"Ameneyu ndi injiniya wathu wamkulu," anatero bwana wa kampaniyo. "Sankaona, koma ndiye ankayendetsa zonse. Wadziponya yekha, bambo. Tiyeni mukaone zimene wachita."

Anakwera ku chipinda cha malemuyo. Pa desiki panali kompyuta, sikirini ikuwala, yakuda bii ndi timizere ta zilembo zoyera.

"Ndifotokozereni ngati mukuuza mwana," anatero Inspekitala.

"Ife timasamala mafayilo a odwala a zipatala zingapo. Sakhala muno ayi. Timabwereka makompyuta akuluakulu a kutali, amene amati kilaudi. Iye ankawalamula ali pomwepa, polemba malamulo pa windo lakudali. Mzere womalizawu ukuti fufuta zonse." Bwanayo anagwira mutu. "Zonse zapita! Madokotala akungoimba foni, sakudziwa kuti wodwala uti amamwa mankhwala ati. Manyazi amupha."

Masana dokotala wa polisi anaimba. Malemuyo anamwalira Lamlungu cha m'ma 2 koloko masana, ndipo bala la kunkhongo silinali la sitepe. Linali lozungulira. Sajeni, mayi wa maso akuthwa amene ankagwira ntchito ndi Inspekitala, anapeza chozimitsira moto m'khonde, kunsi kwake kotsukidwa mbee pamene zinzake zinali ndi fumbi.

Inspekitala anayamba ndi bwanayo, poti alonda anamumva akukangana ndi malemuyo Lachisanu.

"Munkakangana chiyani?"

"Ndinkafuna asiye windo lakudalo, azigwiritsa ntchito tsamba la mabatani kuti nafenso tizitsatira. Anandiyankha kuti, mabataniwo ndiwaone ndi mphuno, bwana?"

"Zinakupwetekani?"

"Ndinaseka, bambo. Ankanena zoona."

Lamlungu lonse bwanayo anali ku chipatala, mkazi wake akuchira. Anamwino anatsimikiza. Njira imeneyo inatsekeka.

Wachiwiri anali mlamu wa malemuyo, mlongo wa mkazi wake, bambo wa ana awiri, yemwenso anali injiniya pa kampanipo. Maso ake anali psuu ndi kulira.

"Alamu ndiwo anandilowetsa ntchito ino," anatero. "Lamlungu ndinawatsitsa pa geti, anati abwerera pa takisi."

"Kompyuta yawo munkaigwiritsa ntchito?"

"Ine? Sindinaikhudzepo chiyambire. Aliyense ali ndi yake."

Lachiwiri m'mawa mkazi wa malemuyo anabwera kudzatenga jekete la mwamuna wake. Atafika pa khomo anaima chilili.

"Ndani wayatsa ichi?"

Inspekitala anayang'ana Sajeni. "Tinaipeza choncho, mayi," anatero Sajeni.

"Ayi. Bambo a ana sankayatsa sikirini. Ayatsirenji? Ankati nkudyetsa magetsi khoma. Kompyutayi imawawerengera mokweza chilembo chilichonse, imalankhula ngati mvula pa malata. Nanga yakhaliranji chete?" Mayiyo anagwira chitseko. "Akuti anaononga ntchito nkudzipha. Ana anga akule ndi mbiri imeneyo?"

Inspekitala anatembenukira ku desiki. Dzulo lonse anayang'ana sikirini imeneyo, osadzifunsa kuti munthu wosaona amaifuniranji. Wina wamaso anakhala pa mpandowu, ndipo anadziwa kutseka pakamwa pa makinawo.

Akatswiri a polisi atamaliza kukopera zonse, Inspekitala anauza Sajeni azimitse kompyutayo nkuiyatsanso, mahedifoni amene malemuyo ankamvera m'makutu atazulidwa. Kenako anaitana bwanayo ndi mlamuyo. Anapeza makina akubwebweta mothamanga, mawu osamveka mutu wake.

"Mutu wanga!" anatero Inspekitala, atatseka makutu. "Wina atontholetse chinthuchi."

Bwanayo anadina apa, nadina apo. Chilichonse chimene wakhudza makinawo ankachitchula mofuula. Mlamuyo anawerama pa phewa lake, zala zitatu nkugwera pa mabatani atatu nthawi imodzi. Zii.

Mlamuyo anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina.

"Paja munati simunaikhudzepo," anatero Inspekitala motsitsa mawu.

Pa khomo, mkazi wa malemuyo anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pakamwa. "Achimwene? Inu?"

M'chipinda chofunsira mafunso mlamuyo anakana kawiri. Inspekitala anaika chithunzi cha chozimitsira moto pa tebulo, nkungokhala. Kachitatu mlamuyo sanakanenso.

"Loweruka ndinkayeretsa malo oyeserera," anayamba mlamuyo. "Tili ndi malo awiri, oyeserera ndi enieni. Pa windo lakuda amaoneka chimodzimodzi. Ndinaiwala kusintha. Ndinalemba lamulo, linandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinati inde osawerenga. Zala zinazolowera. Nditazindikira, odwala onse anali atafufutika."

"Munauza ndani?"

"Palibe. Koma alamu anadziwa, iwo ankamva chilichonse. Lamlungu anati ndiwaperekeze kuno. Anakhala pa makina awo kanthawi, kenako anavula mahedifoni nkunena kuti, mlamu, mawa tikauza bwana zoona."

"Basi?"

"Ndinagwada, bambo. Ndinati wina akafa ku chipatala ndikafera ku ndende, ana anga adya chiyani? Anaseka. Anati, dzuka iwe, tiye tikapume mphepo panja, ndikabwera ndikuphunzitsa kanthu. Kusekako! Moyo wanga ukutha, iwo akuseka. Anatsogola ndi ndodo yawo. Chozimitsiracho chinali pakhoma." Anayang'ana chithunzi chija. "Kenako ndinabwerera, ndinayatsa sikirini, ndinafufuta mapazi anga, nkulembanso lamulo lija kuti lioneke ngati lawo."

"Kutontholetsa makinawo anakuphunzitsani ndani?"

"Iwo omwe. Kunyumba, ndikuyamba kumene kuphunzira."

Chitseko chinatseguka. Sajeni analowa, foni ili m'manja, nkhope itasintha.

"Bwana wa kampani uja waimba. Akuti mafayilo onse abwerera. Zipatala zayambanso kuona odwala."

"Abwerera bwanji?" Mlamuyo anadzuka theka. "Ndinafufuta zonse!"

"Malemu ankasunga kope lina kwina, kumene lamulo lanulo silinkafika. Akatswiri akuti anayamba kubwezeretsa Lamlungu, musanatuluke m'chipindamo. Zimangotenga masiku kuti zithe."

Mlamuyo anagwera pa mpando. Inspekitala anapeza kuti wagwira m'mphepete mwa tebulo. Anaonapo anthu ophana chifukwa cha nsanje, malo ndi mowa. Izi anali asanazionepo.

"Ndiye kuti... chimene ankafuna kundiphunzitsa..." anayamba mlamuyo.

"Imirirani," anatero Inspekitala, akutulutsa unyolo. "Tembenuzani manja."

Panja pa benchi mayi uja anali kudikira, jekete lili pa miyendo. Inspekitala anavula chipewa.

"Mayi, amuna anu sanaononge kanthu. Ndiwo apulumutsa odwala onsewo. Kauzeni ana."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anayang'ana chitseko chimene chinatsekera mlongo wake.

"Nanga za amalume awo ndikawauza chiyani?"

Inspekitala anakhala naye pa benchipo mpaka galimoto yodzamutenga itabwera.